Mphenzi yapha kabokosi kanga, kodi zithunzi za ukwati zapita nako?

FUNSO

Bambo wa makompyuta,

Ndine mayi wojambula zithunzi ndi mavidiyo pa boma la Nkhotakota. Ndimajambula maukwati, zinkhoswe ndi ana a nasale akamatsekera, ndipo nthawi zina amandiitana mpaka ku Dwangwa ndi ku Benga. Zaka zinayi zapitazo alamu anga a ku Johannesburg ananditumizira kabokosi kakuda kokhala ndi madisiki awiri, iliyonse ya 4TB. Iwo amakatcha NAS, kutanthauza kabokosi kosungira mafayilo pa netiweki. Atabwera pa Khirisimasi anakalumikiza ku rauta, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yanga yonse ndimangoponya m'menemo, chifukwa pa laputopu kamaoneka ngati foda wamba.

Lachitatu lapitali kunagwa chimvula cha mphenzi, magetsi n'kuthima. Atayaka, kabokosi kaja kanangoti zii, ngakhale kanyali kake osaphethira. Rauta nayo inafera pomwepo. Mwana wa achemwali anga, amene amadziwako za makompyuta, anatulutsa disiki imodzi, n'kuiika pa kachipangizo ka USB kobwereka, n'kulumikiza ku laputopu yanga ya Windows. Disikiyo ikumveka kuzungulira bwinobwino, koma kompyuta ikunena kuti tiipange kaye format. Mnyamatayo akuti tingodina, zitseguka. Ine mtima wakana. M'menemo muli ukwati wa mu December umene sindinapereke, eni ake analipira kale zonse, ndipo mayi a mkwatibwi akundiimbira m'mawa ndi madzulo. Ndithandizeni, tulo sindikuona.

Wojambula wodandaula, Nkhotakota

YANKHO

Mayi,

Muuzeni mnyamatayo achotse dzanja pa mausi. Ngati disikiyo ikadali pa laputopu pamene mukuwerenga izi, izuleni, muiike pa shelefu pouma pamene ana sangafike. Mtima wanu sunakunamizeni. Ndi mmene mwafotokozeramu, ine ndikuona kuti ukwati wa mu December ulipo ndithu, ndipo chimene chingauphe panopa ndi batani la format limenelo.

Koma mwanayo musamukalipire. Kompyuta ikalankhula imalankhula ngati mfumu, ndiye wachinyamata amangomvera. Ineyo ndinagwa m'mbuna yomweyi nditangotsegula kashopu kanga koyamba kuno ku Salima, chapafupi ndi Kamuzu Road. Kunabwera bambo wina wa kwaya ndi disiki ya nyimbo zimene gulu lawo linajambulitsa kwa zaka zingapo. Kompyuta inati format, ine osafunsa n'kudina. Paja safunsa anadya phula. Ndinakhala masiku atatu ndikutoleza zidutswa, nyimbo zina zinabwerera zopanda mayina, zina sizinabwererenso. Mpaka lero tikakumana mu msika bamboyo moni wake amandipatsa akuyang'ana kumbali.

Chimene chachitika pa laputopu yanu ndi ichi. Kabokosi kanu ndi kakompyuta kathunthu, kungoti kalibe sikirini ndi kiyibodi. M'kati mwake simuyenda Windows. Pafupifupi mabokosi onse a mtundu umenewu amayendera Linux, imene Linus Torvalds wa ku Finland anayambitsa mu 1991. Kompyuta iliyonse ikamasunga zinthu pa disiki imalemba kaundula wosonyeza kuti fayilo yakuti yayambira apa, yathera apo, dzina lake ndi lakuti. Windows kaundula wake ndi NTFS, ndipo imawerenganso FAT32 ndi exFAT, amene mumawapeza pa mafulashi ndi pa makhadi a m'kamera. Linux ili ndi ake. Mabokosi a Synology amalemba ndi ext4 kapena Btrfs, a QNAP ambiri ndi ext4, pamene a Buffalo amakonda XFS. Onsewa Windows payokha siwawerenga.

Inu muli ku Nkhotakota, mundimvetsa msanga. Mwana amene sanapondeko ku madrasa mukamupatsa buku la zilembo za Chiarabu, adzalitembenuza uku ndi uku n'kukuuzani kuti palibe chowerengeka. Chonsecho buku ndi lodzaza kuyambira tsamba loyamba. Windows ili ngati mwana ameneyo, kungoti iyo ili ndi chipongwe chowonjezera: ikalephera kuwerenga, imapempha kuti ifufute bukulo ijambulemo mizere yake. Format ndi imeneyo. Palinso mbale wake wotchedwa Initialize, amene amatulukira mukatsegula Disk Management. Ameneyonso mumukane.

Tisanapite kutali, tengani kaselotepi ndi cholembera, mulembe 1 pa disiki imene inali kumalo oyamba ndi 2 pa inzake. Mnyamatayo akumbuka pamene anachotsa. Mukasokoneza lero, mawa palibe adzakumbuke.

Kenako yesani chinthu chotchipa kaye. Mabokosi ambiri a madisiki awiri amadya magetsi a 12V kudzera pa adaputa yakunja, kachinthu kolemera kaja kali pakati pa chingwe. Magetsi akabwera ndi mphamvu, nthawi zambiri choyamba kupsa ndi chimenecho, bokosi lenilenilo n'kupulumuka. Wokonza mawailesi kapena ma TV aliyense wa pa msika ali ndi kamita koyezera, ayeze ngati adaputayo ikutulutsa kanthu. Ikapezeka yakufa, funani ina yolembedwa ma volt omwewo, ndipo ma ampu akhale ofanana kapena oposerapo. Chonde musabwereke chaja ya laputopu ngakhale kamutu kake katalowa bwino pa bowo. Machaja ambiri a laputopu amatulutsa 19V, ndipo amenewo angawotche bokosi pamodzi ndi madisiki ali m'katimo. N'chifukwa chake poyesa adaputa yatsopano muyese bokosi lili lopanda madisiki. Likayaka, lizimitseni, mubwezeremo madisiki m'malo ake, ndipo mwina nkhani ithera pomwepo.

Koma ndisakunamizeni, kufa kwa rauta kukundipatsa maganizo. Zikafa ziwiri zolumikizana ndi chingwe cha netiweki, kawirikawiri mphenzi imakhala kuti yayenda pa chingwe chimenecho n'kukalowa pa bolodi ya bokosi. Zikatero adaputa yatsopano sithandiza. Ndiye tikonzekere njira yaitali.

Pali funso limodzi limene ndikanakufunsani mukanakhala pano pa shopu, ndipo yankho lake ndi limene litiuze kuti ntchitoyi ndi yopepuka kapena yolemera. Bokosi lili moyo, malo onse osungiramo ankaoneka kuti ndi ochuluka bwanji? Ngati simukumbuka, aimbireni alamu anu, paja ndiwo anakonza. Ngati ankaoneka ngati 3.6TB, sekererani. Ndiye kuti madisiki awiriwo anakonzedwa mwa RAID 1: chilichonse chimene munkaponyamo chinkalembedwa kawiri, pa disiki iyi ndi pa inzake. Iliyonse ili ndi zonse payokha, ndipo imodzi ikukwanirani. Musadabwe kuti 4TB ikuoneka ngati 3.6, palibe anakuberani. Opanga madisiki amawerengera ndi 1,000 pamene kompyuta imawerengera ndi 1,024.

Ngati malo ankaoneka opitirira 7TB, nkhani ndi ina. Ndiye kuti madisiki anaphatikizidwa kukhala chinthu chimodzi, ndipo ngati ndi RAID 0, fayilo iliyonse inkadulidwa tizidutswa, kachidutswa aka kuno, kotsatira uko. Nkhope ya mkwatibwi ili pa disiki 1, velo lake pa disiki 2. Pamenepo pafunika kuti onse awiri alumikizidwe nthawi imodzi, ndipo imodzi ikafa, inzake ilibenso ntchito. Mabokosi ambiri a madisiki awiri, munthu akangotsatira zimene akumulangiza pokonza, amasankha njira yolemba kawiri ija. Ndiye ndiyankha ngati kuti yanu ndi imeneyo.

Njira imodzi ndi kugula kapena kubwereka bokosi lina la kampani yomweyo n'kusamutsiramo madisiki. Mabokosi a Synology, mwachitsanzo, amazindikira madisiki ochokera m'bokosi linzawo ndipo amafunsa ngati mukufuna kusunga zimene zilimo. Njirayi ndi yabwino, koma ndi ya ndalama zambiri, komanso mudikira kuti lichoke ku Joni, chonsecho mayi a mkwatibwi sakudikira.

Njira imene ine ndimagwiritsa ntchito ndi kupatsa disikiyo munthu wodziwa chilankhulo chake, amene ndi Linux yemweyo. Pali mtundu wa Linux wotchedwa Ubuntu, umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anautulutsa koyamba mu 2004. Dzinalo ndi umunthu wathu womwewu m'zilankhulo za kumeneko, ndipo n'zoona, salipiritsa. Ubwino wake ndi wakuti mutha kuyendetsa kompyuta ndi Ubuntu kuchokera pa fulashi, osakhudza Windows yanu. Mukamaliza mumangozula fulashi, laputopu n'kubwerera mwakale.

Mufunika fulashi ya 16GB yopanda kanthu, chifukwa zonse zili pamenepo zifufutika. Mufunika bandulo yokwanira, popeza Ubuntu yatsopano imapitirira 5GB. Ngati bokosi lanu ndi la Synology, malangizo a kampaniyo amatchula Ubuntu 18.04, imene ndi yakale koma ndi ya ma 2GB basi, ndipo imagwirizana bwino ndi Btrfs yawo, imene nthawi zina imakana kutseguka pa Ubuntu yatsopano. Mufunikanso disiki ina yatsopano yokopererapo, yaikulu kuposa katundu yense ali m'bokosimo. Ndikudziwa ndi ndalama, koma palibe kuchitira mwina, ndipo mudzaifunabe ikatha ntchitoyi. Kachipangizo ka USB kamene mnyamata anabwereka kali bwino ngati kali ndi adaputa yake ya magetsi. Madisiki akuluakulu a 3.5 inchi amafuna 12V kuti azungulire, pamene bowo la USB limapereka 5V yokha. Mwanena kuti ikumveka kuzungulira, ndiye kuti pamenepo pali bwino. Mukapeza kompyuta ya pa desiki yokhala ndi zingwe zolumikizira madisiki za SATA m'kati, ndiye bwino koposa, maka ngati madisiki onse awiri akufunika.

Mnyamatayo atsitse Ubuntu, aiike pa fulashi ndi kapulogalamu kotchedwa Rufus, azimitse laputopu, alumikize disiki imodzi yokha, inayo ikhale pa shelefu ngati mbewu yosunga. Poyatsa adine F12 ngati ndi Dell kapena Lenovo, F9 ngati ndi HP, n'kusankha fulashi. Pabwera mawu awiri, Try Ubuntu ndi Install Ubuntu. Asankhe Try. Akasankha Install n'kumangodina zotsatira, Windows yanu ipita, ndipo mudzandilembera kalata yachiwiri.

Ikayaka, alumikize intaneti ya pa foni, atsegule Terminal, kachiwindo kolembamo malamulo. Anthu ambiri akaona kachiwindo kakudako manja amanjenjemera, koma ndi mizere yochepa chabe. Yoyamba iwiri ndi yotengera zida:

sudo apt update

sudo apt install mdadm lvm2

Ndikuuzeni ntchito ya zida ziwirizi kuti musamangotsatira ngati wakhungu. Zithunzi zanu pa disikiyo zili ngati ufa umene uli m'mbale, mbaleyo ili m'dengu, dengulo lili m'thumba lomanga. Thumba ndi RAID, ndipo chomasulira chake ndi mdadm. Dengu ndi LVM, njira imene Linux imagawira malo, ndipo chovundukulira chake ndi lvm2. Mbale ndiye ext4 kapena Btrfs uja. N'chifukwa chake timapulogalamu tina ta pa Windows tolonjeza kuwerenga ext4 timalephera pa madisiki a NAS: timadziwa mbale koma thumba sititha kumasula. Mabokosi ena alibe dengu, amangoika mbale m'thumba, koma kukhala ndi zida zonse sikulakwika.

Akalemba lsblk aona madisiki onse olumikizidwa. Yanu aizindikira ndi kukula kwake, 3.6T, ndipo ikhala ndi magawo angapo. Ang'onoang'ono akutsogolo ndi a bokosi lenilenilo, alibe nanu ntchito. Gawo lalikulu ndiye nkhokwe yanu. Tsopano amasule thumba ndi dengu:

sudo mdadm --assemble --scan --readonly --run

sudo vgchange -ay

Mawu akuti readonly ndiwo chitetezo chanu chonse. Akuuza kompyuta kuti iwerenge kokha, isalembe kalikonse. Akuti run akuiuza kuti isadikire disiki yachiwiri. Ikadandaula kuti disiki yatanganidwa, alembe cat /proc/mdstat, aone dzina limene lili pamenepo, monga md127, aliimitse ndi sudo mdadm --stop /dev/md127, n'kubwereza lamulo lija. Pali lamulo limodzi limene ndikupemphani kuti lisalembedwe pa kompyuta imeneyo ngakhale mnyamatayo atalipeza pa YouTube: lokhala ndi mawu akuti create. Limenelo ndi format ya kuno, limamanga thumba latsopano pamwamba pa lakale.

Akabwereza lsblk aona dzina latsopano pansi pa gawo lalikulu lija. Pa Synology limakhala ngati vg1-volume_1 kapena vg1000-lv, ndipo ngati mulibe LVM limangokhala md yokhala ndi nambala. Tiyerekeze kuti lapezeka loyambalo. Alembe:

sudo mount -o ro /dev/vg1/volume_1 /mnt

Akatsegula foda ya mnt, muona mafoda anu ndi mayina amene munawapatsa inu nomwe. Pamenepo mutha kulizako nthungululu, koma ntchito sinathe. Muonanso mafoda achilendo oyamba ndi chizindikiro cha @, monga @eaDir. Ndi tizithunzi ting'onoting'ono ndi zinthu zina za bokosi, musataye nawo nthawi.

Pokopera musayambe ndi chaka choyamba. Yambani ndi ukwati wa mu December, mutsegule mavidiyo ake pa disiki yatsopano muone kuti akusewera mpaka kumapeto, kenako ntchito zina zimene simunapereke, zakale zibwere pambuyo. Ndikutero chifukwa disiki imene yadutsa m'mphenzi sitiikhulupirira, itha kugwira ntchito maola awiri n'kugona. Disiki yatsopanoyo ikhale ya NTFS kapena exFAT kuti Windows idzaiwerenge. FAT32 ayi, chifukwa siilola fayilo yopitirira 4GB, ndipo vidiyo ya ukwati wa ku Nkhotakota, ndi perekaniperekani yense uja, sikwana m'menemo.

Konzekerani kudikira. Tinene kuti muli katundu wa 2.5TB. Pa bowo la USB 3, limene m'kati mwake nthawi zambiri ndi la buluu, disiki yotere imayenda ma 100MB pa sekondi, ndiye ndi maola 7 kapena kuposerapo. Pa bowo lakale la USB 2 muyembekeze maola 20. Ndipo magetsi athu mukuwadziwa. Laputopu ili ndi batire, koma kachipangizo ka disiki kalibe, magetsi akangothima disiki imaima pakati pa ntchito. Ngati muli ndi inveta kapena sola, ikani zonse pamenepo. Ngati mulibe, pemphani kwa amene ali nazo, ngakhale kumugulira fanta. Mnyamatayo aphunzirenso lamulo lokopera la rsync m'malo mokoka mafoda ndi mausi, chifukwa rsync ikadukizidwa mukaiyambitsanso imadumpha zimene inakopera kale. Chinanso ndi kutentha kwa kunyanja kuno. Disiki ikamagwira ntchito maola ambiri imatentha kwambiri, ndiye iikeni pamalo opita mphepo, fani iziiuzira, osati pa bedi kapena pa nsalu.

Tsopano zimene zingatiimitse. Disiki ikayamba kulira kuti tche tche tche mobwerezabwereza, kapena kuzungulira n'kuima, kuzungulira n'kuima, zimitsani pomwepo mutenge inzake ya pa shelefu ija. Ndiyo ntchito imene tinaisungira. Ikamakopera koma n'kumakakamira pa mafayilo ena, ndiye kuti ili ndi mabala, ndipo wodziwa ntchito amayamba waijambula yonse pa disiki ina ndi chida chotchedwa ddrescue, chimene chimatenga kaye malo abwino n'kubwerera ku ovuta pambuyo. Asapezeke munthu wokuuzani kuti muiike mufiriji. Ikatuluka m'menemo imachita thukuta m'kati, ndipo madzi ndi disiki n'zosayenderana. Asapezekenso womasula chivundikiro chake kuti aone chavuta. Kamutu kowerenga kamayandama pamwamba pa chimbale chozungulira cha m'kati mwa disiki pa mpata wochepa kwambiri kuposa kafumbi kamodzi, ndiye taganizani fumbi la pa msika litalowamo.

Ngati alamu anu anatseka mafoda ena ndi kiyi yachinsinsi pokonza, muona mayina a mafayilo osamveka, zilembo zokhazokha. Pamenepo palibe luso lingathandize kupatula mawu achinsinsiwo kapena kafayilo ka kiyi kamene bokosi linapereka tsiku lija. Afunseni ayang'ane mu imelo ndi m'laputopu yawo. Ndipo ngati bokosi ndi la QNAP, dziwani kuti ena mwa iwo amagawa malo m'njira yawoyawo imene Ubuntu wamba imalephera kuvundukula. Zikatero njira yodalirika ndi bokosi lina la kampani yomweyo.

Pali kanthu kena kamene ojambula amaiwala akasokonezeka mutu. Makhadi a m'kamera amene munajambulira ukwati uja ali kuti? Ngati simunajambulirepo zambiri kuchokera nthawi imeneyo, lekani kuwagwiritsa ntchito lero lomwe. Khadi likapangidwa format m'kamera, kawirikawiri zithunzi zimakhala zikadalipo mpaka zatsopano zitazigonera, ndipo kapulogalamu kaulere ka PhotoRec kamazitola. Zimabwera zopanda mayina ake, mavidiyo ena oduka, koma kwa munthu amene akuimbiridwa kawiri pa tsiku, ndi poyambira.

Mayi a mkwatibwi musawathawe foni. Auzeni kuti mphenzi inawononga makina, zithunzi zikupulumutsidwa, ndipo muwapatse tsiku. Mvula ya Lachitatu anaimva okha.

Ntchito ikatheka, tikambe pang'ono za mawa. Alamu anu anachita bwino, koma madisiki awiri m'bokosi limodzi ali ngati nkhokwe ziwiri zogundana pa bwalo limodzi. Chiswe chikadya imodzi inayo ikupulumutsani, koma moto ukabuka zipsa zonse, wakuba akabwera anyamula zonse, ndipo inu mukafufuta foda molakwitsa imafufutika konsekonse nthawi yomweyo. Disiki yatsopano mwagulayo izikhala kwina, kaya kwa achemwali anu, muzikaitenga Loweruka lililonse kukoperapo zatsopano n'kuibweza. Ndipo kukayamba kuda cha kunyanja, musamangozimitsa pa khoma. Zulani pulagi, muzulenso chingwe cha netiweki.

Mnyamatayo akafika pamene sakumvetsa, asayese zongoganiza. Ajambule sikirini ndi foni, mutumize kudzera kwa akonzi a magazini ino, ndidzayankha. Zikakanika, M5 ndi yomweyi, kwerani minibasi mubwere nawo madisiki onse awiri, okulungidwa payokhapayokha, ali m'chikwama cha pamiyendo panu, osati kumbuyo kwa matumba a mpunga. Mukafika pa Chia mundigulireko chambo.

FUNSO

Achimwene, ndili ndi kamalo kogona alendo ku Senga Bay, ndipo mabuku a ndalama ndi malisiti timasunga m'bokosi la NAS mu ofesi. Ndikapita ku Lilongwe kokagula katundu ndimafuna kuona mafayilo pa foni, koma amangotseguka ndikakhala pa Wi-Fi ya pamalopo. Mnzanga wina akuti nditsegule port pa rauta. Ndichite bwanji?

Wamalonda, Senga Bay

YANKHO

Achimwene, port ndi khomo lolowera pa netiweki yanu kuchokera kunja, ndiye mnzanuyo akukuuzani kuti muchotse chitseko kuti musamavutike ndi makiyi. Bokosi lotsegulidwa chonchi limaonekera ku dziko lonse, ndipo kuli makina amene ntchito yawo usiku ndi usana ndi kugogoda pa makomo otere. Mu June 2021 anthu ambiri okhala ndi mabokosi a WD My Book Live anadzuka n'kupeza mabokosi awo atafufutidwa ndi anthu a pa intaneti, ndipo makinawo anali atasiya kulandira zokonza kuyambira 2015. Mu January 2022 kachilombo kotchedwa DeadBolt kanatseka mafayilo m'mabokosi a QNAP oonekera pa intaneti n'kumafuna dipo la 0.03 bitcoin. Mabuku anu a ndalama asakhale pa mzere umenewo.

Komanso ngati rauta yanu ndi ya simu khadi, mwina kutsegulako sikugwira n'komwe. Makampani a mafoni amakonda kuika makasitomala ambirimbiri kumbuyo kwa adiresi imodzi, ndiye wochokera kunja sangapeze khomo lanu.

Njira yabwino ndi yakuti bokosi lizituluka lokha kukakumana nanu. Synology ali ndi QuickConnect, QNAP ali ndi myQNAPcloud Link, ndipo zonsezi zimagwira popanda kukhudza rauta. Ine ndimakonda pulogalamu yotchedwa Tailscale: mumaiika pa bokosi ndi pa foni, kulowa ndi akaunti imodzi, ndipo foni yanu ili ku Area 2 imaona bokosi ngati muli mu ofesi, wina aliyense osaliona. Mulimonsemo, tsekani akaunti ya admin imene inabwera ndi bokosi, mupange yanu ya pasiwedi yaitali, muyatse chitetezo chofuna nambala ya pa foni polowa, ndipo bokosi likapempha update musamazengereze.

Dziwani kuti fayilo iliyonse imene mutsegule muli kutali idya bandulo kawiri, ya mu ofesi potumiza ndi ya pa foni polandira. Kwa malisiti ndi ma Excel si kanthu, koma mavidiyo a makamera achitetezo musayerekeze. Ndipo magetsi akathima ku Senga Bay inu muli ku Lilongwe, palibe chitseguke, pokhapokha bokosi ndi rauta zonse zili pa inveta. Yang'ananinso m'makonzedwe a bokosilo, muli poti muchonge kuti lizidziyatsa lokha magetsi akabwerera, apo ayi muzichita kuimbira mlonda kuti akadine batani.